Mankhwala a TB akakana, funsani za ntchito yakale

Ku chipatala cha Bwaila, mu Old Town ku Lilongwe, munthu wachikulire akafika akupuma mobanika, akudandaula kuti m'nthiti mukuwawa mbali imodzi, thupi litatsika, dokotala amayamba waganiza za chifuwa chachikulu. Akamujambula n'kupeza madzi m'chifuwa, ganizolo limakhwima. Nthawi zambiri dokotalayo amakhala atalondola. Kuno kwathu madzi otere amadza kwambiri ndi TB, ndipo makina a GeneXpert kawirikawiri sakaona kachilomboko m'madzimo ngakhale kali momwemo, choncho kuyambitsa mankhwala osadikira umboni si mlandu. Nkhawa ili pa wodwala amene wamwa mankhwala miyezi iwiri osadumphitsa koma akungofookerabe, madzi akawapopa n'kudzazanso.

Zoterezi zinachitikapo ku Kimberley, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1950. Dr Christopher Sleggs, mkulu wa chipatala cha TB cha West End, anadabwa kuti odwala ena sankachira ndi mankhwala omwe ankadzutsa anzawo, ndipo ankachokera kumadzulo, kudera la migodi ya asibesitosi wa buluu. Mu 1960 iye, Chris Wagner ndi Paul Marchand analemba za anthu 33 odwala mesothelioma, khansa ya nembanemba yokuta mapapo. Mwa iwo, 32 anali atapumapo fumbi la mwalawo. Ena sanatsikepo mumgodi n'komwe, anangokulira pafupi, akusewera pamilu ya zotsalira zakumgodi ali ana.

Khansa imeneyi imabisala zaka 20 mpaka 50 isanaonekere, ndipo apa m'pamene Lilongwe ayenera kutchera khutu. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, likulu n'kusamuka ku Zomba mu 1975. Inali nyengo imene simenti yosakaniza ndi asibesitosi inkatamandika paliponse: malata osachita dzimbiri, osatentha ngati azitsulo, osasokosera mvula ikamagwa, komanso mapaipi a madzi ndi masiling'i. Mnyamata amene ankacheka malata otere ndi sowo chaka chimene boma linkafika ku Capital Hill, lero ndi gogo wa zaka zoposa 65. Kulinso makaniko amene ankauzira fumbi la mabuleki ndi pakamwa m'magalaji a mu Old Town, ndi mayi amene ankakuntha ovololo ya mwamuna wake asanaiviike m'madzi.

Enanso ndi matchona. Amalawi ambiri anagwira ntchito kumigodi ya asibesitosi ya Shabanie ndi Mashaba ku Zimbabwe, ndipo ena mwa iwo anabwerera kwawo atakalamba. Opita ku Joni ambiri anali a migodi ya golide, komwe fumbi lake ndi lina, n'chifukwa chake kungomva kuti "ndinali ku Theba" sikukwanira. Pamafunika kufunsa kuti mgodi wake uti, wa mwala wanji.

Funso limenelo silifuna ndalama, koma silipezeka m'mafunso amene amathamanga pakamwa pa dokotala amene panja pali mzere wafika kuchipata. Amafunsa za kutsokomola, za thukuta la usiku, za kuyezetsa magazi. Akafunsa za ntchito, gogo amayankha kuti ndine mlimi, chifukwa ndi zimene akuchita lero, ndipo zaka 15 za pamadenga zimatsala panja. Ku England malangizo a 2015 amati munthu wa zaka 40 kapena kuposa, amene anakhudzanapo ndi asibesitosi, akakhala ndi chizindikiro chimodzi chokha chosadziwika gwero lake, monga kubanika, kupweteka pachifuwa kapena kuonda, ajambulidwe pasanathe masabata awiri. Zipatala za Area 18, Area 25 ndi Kawale sizingatengere zonse za kumeneko, koma zingathe kulemba mzere umodzi m'kabuku ka kuchipatala: anagwirapo za asibesitosi, zaka zakutizakuti. Zipatala zolipira za ku City Centre, kumene odwala ali ndi mpata wolankhula motakasuka, zilibe podzikhululukira.

Zizindikiro zina zimaunikira njira. Ululu wa mesothelioma umakhala wolemera, wosasuntha mbali yake, ndipo umasowetsa tulo. Madzi opopedwa nthawi zambiri amatuluka osakanikirana ndi magazi. Nthawi zina nsonga za zala zimatupa. Ikagwira nembanemba ya m'mimba, mimba imafufuma ngati ya wodwala chiwindi. Wodwala wotere, mankhwala a TB atakana, asabwerezedwe mankhwala omwewo. Atumizidwe ku Kamuzu Central Hospital kuti akadule kachidutswa ka nembanembayo n'kukaunika, pakuti kuyeza madzi okha kumaphonya kawirikawiri.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo si yachibwana. Amati matendawa ndi apatalipatali, sachizika, ndipo ambiri amamwalira pasanathe zaka ziwiri atawapeza, ndiye kuvutikiranji pamene malungo ndi TB zikupha anthu tsiku ndi tsiku? Koma kusatchula dzina la nthenda kuli ndi mtengo wake. Banja limagulitsa mbuzi kulipira maminibasi ndi asing'anga, wodwala amadzudzulidwa kuti akudumphitsa mankhwala, ndipo ululu umene mofini akanauziziritsa amangoupirira. Kwa amene anagwira kumigodi ina ya South Africa, bungwe la Asbestos Relief Trust, lokhazikitsidwa mu 2003, limapereka chipukutamisozi, koma limafuna umboni wa chipatala. Ndipo asibesitosi salekera pa mesothelioma. Amayambitsanso khansa ya m'mapapo, ya pakholingo ndi ya mabasiketi a mazira mwa amayi, ndipo wosuta fodya amene anapumanso fumbili ali pangozi yowirikiza. Bungwe la WHO limati anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse ndi asibesitosi wa kuntchito.

Odwala a m'tsogolo akupangika panopa. Ku Area 3, Area 9, Area 10 ndi Area 43 nyumba zakale zikusanduka maofesi ndi malo ogona alendo, madenga akutsitsidwa, mipanda ikukwera. Lata la asibesitosi likakhala lathunthu padenga silivuta kwenikweni. Limaopsa likaswedwa, kuboola kapena kuchekedwa ndi gilayinda, ndipo ochita zimenezi amakhala aganyu ovala mpango pamphuno, umene suletsa timaulusi tosaoneka ndi maso. Zidutswa zake zimakathera kumakola a nkhuku ndi m'maenje a mumsewu. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, Mozambique mu 2010. Khonsolo ya mzinda, imene imavomereza kale mapulani a zomangamanga, ingathe kulamula kuti malata otere azithiridwa madzi, azitsitsidwa athunthu, azikwiriridwa pamalo amodzi odziwika, ndipo mayina a amisiri amene anawagwira azilembedwa.