Lichero la amayi si chokongoletsera khoma

Mwana akayamba kulandira malipiro, maganizo ake amathamangira kunyumba ya makolo. Zimenezo n'zabwino, ndipo inenso ndikadzamaliza digiri yanga ndidzachita chimodzimodzi. Chimene chikundinyansa, kwathu ku Chiwamba ndi m'midzi ina ya Lilongwe monga ku Nsaru ndi ku Kabudula, ndi mmene tikukonzera nyumbazo. Timafika ndi zithunzi za pa Pinterest ndi Instagram m'foni, n'kuyamba kulamula amisiri ngati nyumbayo ilibe mwini.

Sitayelo imene yatchuka pakati pathu ndi ija akuti eclectic, kutanthauza kuphatikiza zinthu zakale ndi zamakono, zakuno ndi zakunja, m'chipinda chimodzi. Ikafika kumudzi imaoneka chonchi: matailosi oterera pansi, sofa yotuwa yogula ku Mchesi, makatani ofika pansi, khonde lotsekedwa ndi njerwa kuti pabalaza pakule. Kenako, kuti pamveke kafungo ka chikhalidwe, malichero atatu akhomedwa pakhoma ndipo mtondo waimikidwa pakona, muli maluwa apulasitiki. Mwana ajambula, anzake amuyamikira pa Facebook, iye abwerera kutauni. Amayi atsala m'nyumba imene akuopa kulowamo ndi mapazi a kudimba.

Ndinene mosapsatira: kumeneku n'kulanda nyumba ya munthu akali moyo. Lichero limene lili pakhomalo ndi chida chogwirira ntchito. Mawa m'mamawa amayi alifuna kuti apete mphale, ndiye akabwereke kwa aneba chifukwa lawo lasanduka chithunzi? Chida cha munthu ukachisandutsa chokongoletsera iye akuchigwiritsabe ntchito, ukumuuza kuti moyo wake ndi wakale, woyenera kuonetsedwa kwa alendo basi.

Tayang'anani khonde. Wojambula mapulani wa pa intaneti amaliona ngati malo ongowonongeka. Kumudzi khonde ndi theka la nyumba. Mpamene amayi amatongolera chimanga ndi kuswa mtedza, mpamene mlendo amayamba wakhala asanauzidwe kuti alowe, mpamene atsibweni amaitanira mbumba kukakhala nkhani ya banja. Limatetezanso khoma ku mvula ya Januwale ndi dzuwa la Okutobala. Ukalitseka, onsewo uwapititsa kuti?

Pabalaza paja palinso ntchito imene zithunzi za m'foni sizidziwa. Masiku ano mabanja ambiri sasunganso chimanga m'nkhokwe poopa akuba. Matumba amalowa m'nyumba. Ndipo tsiku limene sitilifuna likafika, nyumba yomweyo imakhala siwa: mipando imatulutsidwa, mphasa ziyalidwa, amayi a m'mudzi ndi a kumpingo achezera momwemo usiku wonse. Sofa ya pakona imene sinatheke kulowa pakhomo mpaka anachita kuiphwasula, mudzaitulutsa bwanji tsiku limenelo?

Nkhani ya khitchini ndiye imandiseketsa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse m'Malawi zimaunikira ndi magetsi, ndipo zoposa 75 mwa 100 zimaphikira nkhuni. Koma ife tikumanga khitchini yolumikizana ndi pabalaza, yopanda khoma pakati, ngati ya ku London. Amayi ayang'ana, athokoza mwaulemu, n'kubwerera ku mafuwa awo kuseri. Khitchini yatsopanoyo isanduka mosungira mbale za alendo, pamene yeniyeniyo, imene utsi wake umawalizitsa misozi tsiku ndi tsiku, sinaone ngakhale thumba limodzi la simenti. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Ndalama ya matailosi ndi siling'i ya gypsum ikanatha kugula sola, kuboola mawindo m'khitchini ya kuseri ija ndi kuikamo mbaula yosatha nkhuni.

Ena afika pofuna kukhoma chigoba cha Gule Wamkulu pamwamba pa TV, poti anaona zotero m'malo ogona alendo. Ku Mua, ku KuNgoni Centre imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, zigoba zimasungidwa ndi kufotokozedwa mwa dongosolo lake. Koma m'mudzi wa Achewa, mmene dambwe lili pafupi ndipo gule amatuluka pamaliro ndi pachinamwali, chimenecho si chidole. Amene adzayankhe mlandu kwa mfumu ndi makolo ako, iwe uli ku Area 47.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Mudzati makolo enieniwo amafuna sofa ndi malata, ndipo ine ndikufuna azikhalabe m'nyumba yozira kuti ndizipeza zolemba. Ayi. Umphawi sindiukometsa. Denga lodontha ndi lodontha, ndipo simenti pansi imachepetsa utitiri ndi matekenya. Amayi akafuna sofa, agulireni yabwino. Funso langa ndi lakuti: munawafunsa? Kapena munangoti tsobola wakale sawawa? Kwathu kuno, kumene mabanja ambiri akutsatabe chikamwini, nyumba imamangidwa pamalo a mkazi. Mwini nyumba ndi amayi. Kutumiza ndalama pa Airtel Money sikukusandutsa iwe mwini wake.

Chinanso, kuphatikiza kumene tikukutenga ngati nzeru yachilendoku makolo athu anayamba kalekale. Lowani pabalaza pa agogo alionse: mpando wa ndalema pafupi ndi mphasa, kabati ya magalasi yokhala ndi makapu osamwera wamba, nsalu zoluka pamanja pamipando, kalendala ya mpingo, chithunzi cha ukwati, wayilesi, mtsuko wa madzi ozizira pakona. Chilichonse chili ndi mbiri yake ndi ntchito yake. Ife tikuchotsa zonsezo n'kuikamo zofanana ndi za m'nyumba ina iliyonse ya pa intaneti, kenako n'kumati tabweretsa luso.

Chomvetsa chisoni n'chakuti akunja akulemekeza zimene ife tikutaya. Mipando yoluka ya nsungwi imene timaidutsa m'mbali mwa msewu ikugulitsidwa m'masitolo a ku Cape Town ndi Johannesburg, dzina lake akuti Malawi chair. Francis Kéré wa ku Burkina Faso analandira mphotho ya Pritzker, yaikulu pa ntchito yojambula nyumba, mu 2022. Anayambira kwawo ku Gando, kumene anamanga sukulu ya njerwa za dothi, malata atawakweza pamwamba kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo anamanga limodzi ndi anthu a m'mudzimo. Ife kodi tidikira kuti mzungu ayamikire mphasa kuti tiione kukongola?

Choncho anzanga, musanagule thumba loyamba la simenti ku Malangalanga, kakhaleni kumudzi sabata yathunthu. Onani pamene amayi amakhala dzuwa likatentha, pamene matumba amasanjidwa mukakolola, njira imene madzi amalowera m'nyumba kuchokera kumjigo. Kenako khalani nawo pansi muwafunse kuti, "Amayi, m'nyumba muno chimakuvutani n'chiyani?" Mwina adzatchula utsi, mwina mbewa, mwina chitseko chosakhomeka. Yambirani pamenepo. Khonde likulitseni, mipando ikhale yonyamulika, sofa ndi mphasa zikhalire limodzi. Mukafunabe lichero pakhoma, gulani lanu kwa woluka wa m'mudzi momwemo pamtengo umene watchula, osanenerera. La amayi lisiyeni pamene iwo amalisiya.