Za M'banja Mwathu: Chilombo cha M'kanema Chikavala Nkhope ya Agogo

Makolo ambiri m'miphakati yathu kuno ku Mambwe akhala akutifunsa za mafilimu a zilombo, mizukwa ndi afiti amene ana athu amawakonda kwambiri. M'zaka za m'ma 1990 mafilimu otere ankaonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo pa misika, jenereta ili kulira kuseri, ndipo kholo likafuna mwana wake linkadziwa kokamgwira dzanja. Lero filimu yomweyo yalowa m'foni, mwana amaionerera atafunda bulangete, makolo ali m'tulo. Funso la makolo ndi lakuti: kodi tiwaletse? Tisanayankhe, tiyeni tiyambe taona chimene chimakoma m'mafilimuwa, pakuti munthu sungachotse minga pa mtengo umene sunauyang'ane bwino.

Ambiri mwa mafilimu a zilombo sapangidwa ndi makampani olemera ayi. Amapangidwa ndi anthu a m'thumba mopepuka koma a mutu wodzaza nzeru. Mu 1968, mnyamata wina wa ku America, George Romero, pamodzi ndi anzake a mumzinda wa Pittsburgh, anapanga filimu ya anthu akufa odzuka m'manda yotchedwa Night of the Living Dead. Anawononga madola 114,000 okha, ndalama imene kwa opanga mafilimu a kumeneko ndi yochepa zedi. Ambiri mwa amene anasewera ngati mizukwa anali anthu wamba a m'deralo, ndipo popeza filimuyo inalibe mitundu, magazi amene ankaoneka anali madzi a chokoleti. Mpaka lero anthu akuionererabe. Kuno ku Africa, mu 1992, Kenneth Nnebue, wamalonda wa ku Nigeria, anatulutsa pa kaseti ya vidiyo filimu ya m'chinenero cha Igbo yotchedwa Living in Bondage. Nkhani yake ndi ya mwamuna amene anapereka mkazi wake nsembe kuti alemere, koma mzimu wa mkaziyo unamsautsa mpaka anapenga. Filimu imeneyi ndiyo inatsekula njira ya mafilimu a ku Nigeria amene pambuyo pake anadzaza m'tinyumba tathu ta vidiyo.

Nanga chimatikoka ife ndi chiyani? Choyamba, mantha a m'nthano ndi okoma, ndipo sitinawaphunzire kwa azungu. Agogo athu akati “Padangokhala,” ife n'kuyankha kuti “Tili tonse,” tinkafupikirana pamoto kuti timve za dzimwe lomeza anthu ndi za fisi wosanduka mkamwini. Tinkanjenjemera, koma tinali otetezeka, pakuti wosimba nthanoyo anali yemweyo wotipatsa mbatata yootcha. Chachiwiri, umphawi wa mafilimuwa umatiseketsa. Chilombo chili ndi mano a pulasitiki, njoka ikukokedwa ndi chingwe chooneka, moto wotuluka m'maso mwa mfiti ukuchita kuonekeratu kuti ngwojambula. Kuseka kumeneku n'kwabwino, chifukwa mwana amene waona chingwe wadziwa kuti akuonerera sewero. Chachitatu, mafilimu a ku Nigeria amatisonyeza anthu onga ife: apongozi okangana ndi mtengwa, mnyamata wosowa ntchito, banja lolira mwana, anthu ogwada kupemphera. Phunziro lake nalonso nthawi zambiri sililakwika, lakuti chuma chopezedwa ndi magazi sichigoneka munthu tulo.

Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chilema chachikulu cha mafilimuwa si mawu osamveka bwino, kapena nkhani yotalikitsidwa dala kuti mugule gawo lachiwiri. Zimenezo n'zazing'ono. Chilema chili pa nkhope imene amaveka chilombocho. M'nthano za makolo, chilombo chinkachokera kuthengo, ndipo mudzi wonse unkagwirizana pochigonjetsa. Mufilimu ya ng'ona yaikulu kapena ya njoka yomeza bwato, mwana akatseka foni chilombo chatha, pakuti sadzakumana nacho pachitsime. Koma wopanga filimu amene alibe ndalama zoumbira chilombo amapeza njira yotsika mtengo: amatenga mayi wokalamba, n'kumpaka phulusa kumaso, n'kumufiiritsa maso, basi chilombo chapezeka. Kapena amatenga mwana wamasiye wosalankhulalankhula, n'kumuonetsa akuuluka usiku. Chilombo chotere sichitha filimu ikatha. M'mawa kukacha, mwana wathu amachiona chikusesa pabwalo la nyumba yoyandikana nayo.

Zimenezi si nkhambakamwa. Mu 1999 ku Nigeria kunatuluka filimu yotchedwa End of the Wicked, yochokera ku mpingo wa mlaliki Helen Ukpabio, imene inasonyeza ana akusanduka afiti usiku ndi kudya nyama ya anthu. Mu 2008 wailesi ya kanema ya Channel 4 ya ku Britain inaonetsa ana a m'dera la Akwa Ibom amene anamenyedwa, kuotchedwa ndi kuthamangitsidwa m'nyumba zawo chifukwa chotchedwa afiti. Ambiri oteteza ana anadzudzula mafilimu a mtundu umenewu kuti anathira mafuta pamoto, ngakhale kuti mwini filimuyo anakana mlanduwo. Chaka chomwecho boma la Akwa Ibom linakhazikitsa lamulo lolanga aliyense wotchula mwana kuti ndi mfiti.

Ife a m'chigwa cha Luangwa tiyenera kumva nkhaniyi msanga kuposa ena, chifukwa zilombo zenizeni timakhala nazo. Njovu imatidyera chimanga, ng'ona imatigwirira ana pamtsinje, ndipo tikudziwa mmene mtima umathamangira kufunsa kuti, “Wachituma ndani?” Akuluakulu akukumbukira mkango wa ku Mfuwe wa mu 1991, umene unapha anthu osachepera 6. Unali waumuna koma wopanda manyenje, ndipo utapha mayi wina unabwerera m'mudzi n'kunyamula thumba la zovala, n'kumayenda nalo kukamwa. Anthu ataona zimenezo ananena kuti si mkango wamba koma wa matsenga. Mlenje wina wa ku America, Wayne Hosek, anauwombera chaka chomwecho, ndipo chikopa chake chinakaikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya Field Museum mumzinda wa Chicago. Akatswiri atapima chigaza chake anapeza kuti chibwano chake chinali chovulala kwambiri. Mkango wovulala pakamwa umavutika kugwira njati kapena mbidzi, choncho umatembenukira kwa munthu, amene sathamanga ndipo alibe nyanga. Taganizani tsono: nkhani imeneyi ikanagwera m'manja mwa wopanga filimu wofuna phindu la msanga, bwenzi chibwano chovulalacho atachisiya, n'kutisonyeza nkhalamba ina ikuvula chikopa cha mkango kuseri kwa nkhokwe. Filimuyo ikanakoma ndithu, koma ndani wa m'mudzimo akanagona mwamtendere?

Sitikunena kuti mafilimu ndiwo anabweretsa kuganizirana ufiti pakati pathu. Matendawa ndi akale. M'zaka za m'ma 1930 anthu a mchape anayenda m'midzi ya dziko lino kuchokera ku Nyasaland, akumwetsa anthu mankhwala oti n'ngochotsa ufiti. Pakati pa 1994 ndi 1995, ku Chiawa m'mbali mwa Zambezi, anthu 16 anafa atamwetsedwa mankhwala ndi wosaka afiti wina, pa nthawi imene matenda a Edzi ankapha achinyamata ambiri ndipo anthu ankafunafuna womuloza chala. Chimene filimu imachita ndi kuthirira mbewu imene ili kale m'nthaka. Imapatsa mwana chithunzi choti aike pa mantha ake, ndipo chithunzi chimakhalitsa m'mutu kuposa ulaliki wa Lamulungu. Tikumbukenso kuti lamulo la dziko la Zambia lokhudza za ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limatiletsa kunamizira mnzathu. Amene wawononga mbiri ya nkhalamba ali ndi ngongole yoibweza, monga momwe wakuba mbuzi ayenera kuibweza.

Eklezia sanatiuze kuti tithawe kanema. Mu 1936 Apapa Pius XI analemba kalata yotchedwa Vigilanti Cura, yovomereza kuti kanema ali ndi mphamvu yophunzitsa zabwino ndi zoipa zomwe. Mu 1963 Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Inter Mirifica, unaika udindo pa oonerera kuti azisankha bwino, ndi pa makolo kuti aziyang'anira zolowa m'nyumba zawo. Choncho yankho lathu kwa makolo si lakuti mulande foni n'kuitsekera m'sutukesi, pakuti mwana akaionerera kwa mnzake, ndipo kumeneko kulibe womufotokozera.

Chimene tikupempha ndi ichi. Khalani pansi muonerere naye limodzi, monga agogo ankakhalira nafe pamoto. Chilombo chikatuluka, mufunseni kuti, “Mwanawe, ukuganiza kuti anachipanga ndi chiyani?” Msiyeni apeze yekha chingwe ndi utoto. Filimu ikasonyeza nkhalamba ngati mfiti, imitsani, mumuuze kuti mayi ameneyo ndi wazisudzo, walipidwa, ndipo atatha kujambula anasamba n'kupita kukaphikira adzukulu ake. Kwa ana aang'ono amene sanathe kusiyanitsa sewero ndi zoona, mafilimu otere asaonetsedwe konse, pakuti m'mera mpoyamba. Ndipo mankhwala oposa onse ndi awa: mtumeni mwanayo akatungire madzi agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi, akawatolere nkhuni, adye nawo nsima. Mwana amene wadya m'mbale imodzi ndi nkhalamba savomera msanga kuti nkhalambayo imauluka.

Kwa achinyamata athu a luso, amene tsopano akujambula timasewero pa foni, tikuti pitirizani, umphawi usakuchititseni manyazi. Gulu la zisudzo la SEKA la ku Mfuwe linatisonyeza kuti ndi matupi a anthu ndi tizipangizo tochepa mukhoza kuimika njovu pabwalo, anthu n'kuizindikira. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anapanga mu 2017 filimu ya I Am Not a Witch, yosimba za kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo mu 2018 inalandira mphotho ya BAFTA ku Britain. Iye anatembenuza kamera, n'kuiloza kwa onamizirawo. Inunso tiopsezeni ndi ng'ona, ndi mkango, ndi dzimwe la m'nthano, tidzakuwa ndi kuseka pamodzi nanu. Koma nkhope ya agogo, ya mayi wamasiye ndi ya mwana wopanda makolo muisiye, chifukwa iwowa alibe wowayankhira mudzi ukawatembenukira.

Pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno, tiyeni tiwerenge mayina a okalamba okhala okha m'dera lathu, ndipo banja lililonse litengepo mmodzi womuyendera pamodzi ndi ana. Ambuye akudalitseni nonse m'mabanja mwanu.