Khungu si ng'oma yoti muikunge pamoto

Ng'oma ikakhwefuka, woyimba amaiwamba pamoto ndipo posakhalitsa imalira bwino. Ambiri mwa ife timafuna khungu lathu litamachita chimodzimodzi. Mayi wabereka mwana wachitatu, mimba yatsala yolendewera. Bambo wachepetsa thupi, khungu la m'mikono likugwedera. Agogo akadziyang'ana pagalasi akuona masaya atagwa. Ochita malonda akudziwa za nkhawa imeneyi, n'chifukwa chake m'misika, pa Facebook ndi pa WhatsApp padzaza mafuta, tiyi ndi malamba zomwe akuti zimakunga khungu m'masabata awiri. Musanatulutse ndalama yanu, ndikupempheni kuti mudziwe kaye momwe khungu limagwirira ntchito.

Pansi pa khungu lomwe timaliona pali timinyewa tamitundu iwiri. Tina timatchedwa collagen, tomwe timalimbitsa khungu, ndipo tina ndi elastin, tomwe timalibweza likatanuka ngati lasitiki. Munthu akamakula, thupi limapanga timinyewati pang'ono, makamaka kwa amayi omwe asiya kusamba. Dzuwa lamphamvu ndi utsi wa fodya zimatiwononga msanga. Khungu likatanuka kwa nthawi yaitali chifukwa cha pakati kapena kunenepa, timinyewa tina timaduka, ndipo mizere ya pamimba ija imachokera pamenepa.

Tsono taganizirani za botolo lolembedwa kuti muli collagen. Collagen wodzola sangathe kulowa mpaka pansi pa khungu chifukwa tizidutswa take n'tatikulu. Amangofewetsa pamwamba, ntchito yomwe mafuta wamba otchipa amaigwiranso. Choopsa n'chakuti mafuta ena opanda chizindikiro chodalirika, makamaka olonjezanso kuyeretsa khungu, amasakanizidwa ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol. Mankhwalawa akadzoledwa kwa miyezi amapyapyalitsa khungu, amatulutsa mizere yatsopano ndi ziphuphu, ndiye kuti vuto lomwe mumathawa lija lakula. Ena amakhala ndi mercury, yemwe amawononga impso ndipo amatha kufika kwa mwana wosabadwa kapena woyamwa. Mayiko anagwirizana mu 2013 pa pangano la Minamata kuti achepetse mercury, kuphatikizapo m'zodzoladzola, koma mabotolo otere akadalowabe m'misika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyi wochepetsa mimba naye nthawi zambiri amangotsegula m'mimba, thupi n'kutaya madzi.

Inu amayi omwe mwangobereka kumene, dzipatseni nthawi. Chiberekero chimatenga pafupifupi masabata 6 kuti chibwerere m'malo mwake, ndipo khungu limatenga miyezi yambiri. Kumanga chitenje pamimba, monga anatiphunzitsira amayi athu, kumathandiza kuti mumve kuchirikizika poyenda, koma sikukunga khungu. Musamange mothina mpaka kuvutika kupuma, ndipo ngati munabereka mwa opaleshoni, yambani mwafunsa anamwino. Nthawi zina chomwe chikulendewera si khungu lokha ayi, ndi minofu iwiri ya pamimba yomwe inatalikirana. Gonani chagada, pindani maondo, tukulani mutu pang'ono, kenako gwirani pamwamba pa mchombo. Ngati zala zoposa ziwiri zikulowa mumpata wapakati, kanenani kusikelo kuti akutumizeni kwa a mafizo. Ngati pali chotupa chopweteka, musachedwe.

Zomwe zimathandizadi n'zosadula, koma zimafuna kudekha. Thupi limapanga collagen kuchokera ku zakudya zomanga thupi monga usipa, matemba, mazira, nyemba, nandolo, soya ndi mtedza, mothandizidwa ndi vitamini C wopezeka m'malambe, magwafa, malalanje ndi ndiwo zamasamba. Magulu 6 a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa aja ndi omwewa. Masewero olimbitsa minofu sakunga khungu lenilenilo, koma minofu ikadzaza pansi pake maonekedwe amasintha. Ngati mukuchepetsa thupi, chepetsani pang'onopang'ono, theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata, kuti khungu lizitsatira. Valani chipewa kumunda, ndipo siyani fodya.

Mwina wina anena kuti kuli makina otenthetsa pansi pa khungu ndiponso opaleshoni, nanga bwanji sindikuzilimbikitsa. Makinawa alipodi, ndipo amathandiza pang'ono pa khungu lomwe langokhwefuka pang'ono, koma amafuna kubwereza kangapo ndiponso ndalama zambiri. Khungu lolendewera kwambiri limachoka pokhapokha dokotala atalidula. Imeneyi ndi opaleshoni yaikulu yosiya chipsera chachitali, ndipo madokotala amalangiza kuti munthu ayambe wamaliza kubereka komanso thupi lake likhazikike. Kwa munthu amene khungu lopindana limamuchititsa zilonda ndi fungo, kukambirana ndi dokotala wodziwa ntchitoyi n'koyenera. Koma musalole kubayidwa jekeseni kapena kuchekedwa m'saluni kapena kunyumba kwa munthu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: nthawi zina khungu lokhwefuka ndi belu lochenjeza. Ngati mukuwonda osafuna, zovala zikukula, khungu likulendewera, musafunefune mafuta odzola. Kayezetseni shuga, chifuwa chachikulu ndi HIV, ndipo dokotala aonenso ngati si khansa. Mwana akakhala ndi khungu lokwinyika m'matako ndi m'ntchafu ngati wavala kabudula wamkulu, ndiye kuti wanyentchera. Kusikelo amamuyeza mkono ndi kalamba kamitundu, ndipo mwana wa miyezi 6 mpaka 59 akapezeka pansi pa masentimita 11.5 amayenera kulandira chithandizo monga chiponde mwamsanga. Mwana wotsegula m'mimba mukamutsina khungu la pamimba n'kutenga nthawi kuti libwerere, madzi amuthera m'thupi. Mpatseni Thanzi ORS ngati akutha kumwa, uku mukuthamangira naye kuchipatala.

Inu abambo, mawu anu ndi omwe amatumiza amayi ambiri kukagula mabotolo aja. Mimba yomwe mukuiseka ndi yomwe inanyamula ana anu miyezi 9 aliyense. Ndalama yomwe mayi akanawonongera mafuta osadziwika mugulireni mazira ndi usipa, mutengereni mwana kuti apume, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala pakatha masabata 6 mupite naye limodzi.