Dzina la Malo Silinabwere Lokha

Sabata yatha ndinafunsa ana a m'kalasi langa tanthauzo la dzina lakuti Sapitwa. Onse anadziwa kuti ndiyo nsonga yaitali koposa ya phiri la Mulanje, ndipo mtsikana wina anatchula ngakhale kutalika kwake, mamita 3,002. Koma tanthauzo lake, onse chete. Nditawauza kuti alitchule pang'onopang'ono, mnyamata wina anadzuma nati, "Aphunzitsi, kodi nkuja anthu sapitako?" Dzinalo linali m'kamwa mwao masiku onse, koma anali asanalimvetsere.

Makolo athu sanali kutcha malo maina mwachisawawa. Sapitwa linali chenjezo, pakuti akale anali kuopa mizimu ya kumeneko, ndiponso nkhungu imatsika mwadzidzidzi nisokeretsa munthu. Dziwe la Nkhalamba, pa mtsinje wa Likhubula, likusunga nthano ya nkhalamba imene inali kuoneka pamadzipo. Maina achilendo nawonso ali ndi mbiri: Fort Lister ndi linga limene Angerezi anamanga mu 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo.

Ku Scotland, kwao kwa amishoni amene anatcha Blantyre dzina la kumene anabadwira Livingstone, kuli kachilumba kotchedwa Iona. Columba anafikako m'chaka cha 563 kuchokera ku Ireland. Zitunda ndi magombe ake zili ndi maina a m'chinenero cha Chigaeliki. Port a' Churaich ndiye kuti dooko la bwato lachikopa, pamene akuti anakocheza. Càrn Cùl ri Èirinn ndi mulu wa miyala wofulatira Ireland, pamene akuti anayang'ana kwao koma osakuonanso. Lero olankhula Chigaeliki pachilumbapo ndi owerengeka, kotero kuti akatswiri a Yunivesite ya Glasgow anachita kugwira ntchito yosonkhanitsa mainawo ndi kuwamasulira.

Kodi ife a ku Mulanje tili kutali ndi zimenezi? Maina a midzi, mitsinje ndi madambo athu anachokera m'Chimang'anja, m'Chilomwe ndi m'Chiyao. Komatu ana ambiri a Alomwe sakulankhulanso Chilomwe. Chinenero chikazilala, dzina limatsala ngati chikwa chimene gulugufe anatulukamo kale. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri lathu m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo adzachuluka, ndipo adzafunsa. Kudzakhala kochititsa manyazi ngati mwana wobadwira patsinde pa phiri adzasowa choyankha.

Tsono makolo anzanga, mau a akulu akoma akagonera, koma sagonera ngati palibe wowasunga. Tumani mwana kwa agogo ake ndi kope ndi pensulo. Akafunse dzina la chitsime chimene mumatungako madzi, la dambo limene mumalimako, la mwala umene mumapumirapo pochokera kumsika, ndi chifukwa chake anautcha chotero. A m'kalasi langa ndawatuma kale: aliyense abwere ndi maina asanu Lolemba.