Kodi Imfa Iriyonse Iri ndi Mwini Wake?

Mwezi uno nkhani yathu iyambira kutali ndi mudzi, pa zamoyo za m'nyanja ya mcere imene ambiri a ife kuno ku Zambia sitinaionepo. Mutilole, pakuti nthawi zina za kutali zimatitsegula maso pa za pakhomo pathu.

M'maiko monga Britain, America ndi South Africa muli anthu amene amaweta zamoyo za m'nyanja m'nyumba zao. Amagula thanki ya galasi, nathiramo madzi osakaniza ndi mcere wapadera, naikamo miyala, nsomba ndi korali. Malonda otere si acilendo kwenikweni kwa ife, pakuti nsomba zokongola za m'nyanja ya Tanganyika zogwidwa ca ku Mpulungu, ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zakhala zikutumizidwa kunja kwa zaka zambiri kukawetedwa m'mathanki. Koma zimenezo n'za madzi opanda mcere. Korali kwao ndi m'nyanja zofunda za mcere, monga m'mbali mwa Mozambique ndi Tanzania.

Korali amaoneka ngati duwa kapena bowa, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ankati ndi comera. M'zaka za m'ma 1720 dotolo wina wa ku France, Jean-André Peyssonnel, anaonetsa kuti ndi nyama, koma anzake anacedwa kumkhulupirira. Korali mmodzi ndi mudzi wa tizirombo tambirimbiri tolumikizana matupi. Mtundu wolimba umamanga miyala ya laimu. Mtundu wofewa, umene tikunena lero, sumanga miyala yotere. Thupi lake ndi la mnofu, ndipo kacirombo kalikonse kali ndi timanja 8. M'mnofu wa makorali ambiri mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zochedwa zooxanthellae. Ndere zimenezi zimapanga cakudya ndi kuwala, nizigawirako korali. Nayenso korali amazipatsa pokhala. Ubale umenewu ndi wokongola, koma sucedwa kusokonezeka.

Cifukwa cake woweta ayenera kusunga madzi pa kutentha kwa madigiri 24 kufikira 26, ndi mcere wokwana magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi. Odziwa amati makorali ofewa ndi osavuta, oyenera munthu woyamba kumene. Komabe alipo wina wochedwa Xenia, amene timanja take timatseka ndi kutseguka kosalekeza. Iyeyu atha kuculuka kwa miyezi kapena zaka mpaka kudzaza thanki, ndiyeno m'masiku ocepa afota, nasungunuka, pamwala n'kutsala mbee. Nsomba ziri bwino, makorali ena ali bwino, koma iye wapita.

Taonani tsono zimene woweta wanzeru amacita korali wake akayamba kufooka. Coyamba, sapupuluma. Alipo korali wina wofewa, Sarcophyton, amene nthawi zina amafumbata kwa masiku angapo, khungu lake n'kucita ngati lapakidwa phula. Pambuyo pake amafundula monga njoka, nakhala bwino koposa kale. Wopupuluma amataya camoyo namati cafa. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Caciwiri, amafufuza. Amapima kutentha, pakuti mwina magetsi anazima usiku kapena cotenthetsera madzi cinaonongeka. Amapima mcere, pakuti madzi akamaphwa mcere umatsala, nuculuka. Amafunafuna mkuwa. Inde, mkuwa womwewu umene ndi cuma ca dziko lathu ndi poizoni woopsa kwa korali, ndipo utha kulowa kudzera m'mankhwala a nsomba kapena m'mipope ya madzi. Amafunsa ngati wina anapopera mankhwala a udzudzu m'cipindamo, kapena anapisa m'madzi dzanja la sopo. Usiku amayatsa tochi kuti aone ngati muli nkhono zopanda cigoba zimene zimadya korali mumdima. Amakumbukiranso kuti makorali okhaokha amamenyana: akathithikana, ena amatulutsa poizoni wofooketsa anzao, n'cifukwa cake oweta amaika makala apadera osefa madzi. Zonse amalemba m'kabuku, ndipo amasintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi kuti adziwe cimene cathandiza.

Tsono pano ndiye pagona nkhani. Nthawi zina, atapima zonse, amapeza kuti zonse ziri m'malo mwake. Pamenepo woweta woona mtima amanena mau ocepa: "Cifukwa cake sindinacipeze." Sakunena kuti cifukwa palibe. Sakunenanso kuti mlendo amene anayamikira thanki ija sabata yatha anaiyang'ana ndi diso loipa. Amavomera kuti nzeru zake zalekezera pamenepo, nasintha madzi, nasamalira zotsalazo.

Nanga ife timatani? Nkhuku zikatha khola lonse, mbuzi ikafa usiku, makamaka mwana akamwalira atadwala masiku awiri okha, mau aja a woweta amatikanika. Maliro asanathe, manong'onong'o ayamba kale kuseri kwa nkhokwe: "Munthu safa cabe." M'mawa mwake ena alawirira kwa woombeza ula. Ndipo kodi ula umagwera yani? Kawirikawiri umagwera agogo amasiye amene alibe wowalankhulira, kapena nkhalamba imene nzeru zayamba kusokonezeka, kapena mlamu amene munda wake unabereka koposa yathu. Zotsatira zake tonse timazidziwa: anthu okalamba kupitikitsidwa m'mudzi umene anaumanga, nyumba kutenthedwa, ena kumenyedwa mpaka kufa, ndi abale a mimba imodzi kusalankhulana mpaka kumanda.

Sitikulinganiza mwana wa munthu ndi kacirombo ka m'galasi. Cisoni ca mai woferedwa cilibe cofanana naco, ndipo funso lakuti "cifukwa ciani?" si chimo. Koma ngati munthu afufuza modekha cotere cifukwa ca kanthu kogula m'sitolo, osanamizira aliyense, nanga ife amene tanyamula mbiri ndi moyo wa mnzathu wolengedwa m'cifanizo ca Mulungu, sitiyenera kudekha koposa?

Tikumbukire kuti zambiri zimene zinali zobisika dzulo, lero ziri poyera. Malungo anapha anthu kwa zaka zikwi asanadziwike njira yake. Munali mu 1897 pamene Ronald Ross anapeza tizirombo take m'mimba mwa udzudzu. Citopa cimene cimasesa nkhuku cimadza ndi kacirombo, ndipo katemera wake alipo. Ndi nkhalamba zingati zimene zinanyozedwa cifukwa ca udzudzu! Cimene dotolo alephera kucichula lero, adzukulu athu atha kudzaciwerenga m'buku la sukulu. Koma agogo amene tawapitikitsa lero sadzakhalapo kuti tiwapepese.

Mpingo sunakhale cete pa zimenezi. Lamulo la 8 limatiletsa kunamizira mnzathu, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2477, amatsutsa kuweruza munthu popanda umboni wokwanira. Pa ndime 2116 amakana kuombeza kwa mtundu uliwonse. Ngakhale malamulo a dziko lathu, mu Witchcraft Act, amati kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Tiwerengenso buku la Yobu, munthu amene anaferedwa ana onse tsiku limodzi. Abwenzi ake atatu sanathe kupirira tsoka lopanda mwini, ndipo anaumirira kuti Yobu mwini anacimwa. Pamene Mulungu analankhula, kuyambira mutu 38, sanamuuze Yobu cifukwa ca masautso ake. Anamuonetsa kuya kwa nyanja, nyenyezi ndi nyama za m'thengo, kuti azindikire kucepa kwa nzeru za munthu. Ndipo pa mutu 42, amene anadzudzulidwa ndi abwenzi aja odziwa zonse.

Cifukwa cake tipempha miphakati yathu zinthu zinai. Wodwala apite naye ku cipatala msanga, ndipo tifunse a cipatala kuti atifotokozere zimene apeza. Ziweto zikafa, tiitane alangizi a ziweto. Pa maliro, Akristu tikhale pafupi ndi oferedwa, kuti cisoni cao cisagwe m'manja mwa ofuna ndalama za ula. Ndipo dzina la munthu likayamba kumveka m'manong'onong'o, atsogoleri a mphakati apite kwa mfumu ya mudzi tsiku lomwelo, ndipo ena akakhale pakhomo pa wonamiziridwayo.

Kunena kuti "cifukwa cake sitinacipeze" kumapweteka, koma ndi mau oona, ndipo sanaphepo munthu. Tifufuze monga momwe tingathere; pamene nzeru zathu zalekezera, tigwade. Ambuye, amene adziwa za pansi pa nyanja ndi za m'mitima yathu, atonthoze mabanja onse olira, ndipo atisungire nkhalamba zathu.