Tisanati ma dolphin ali bwino, tiyambe tawawerenga

Ma dolphin akamalumpha pafupi ndi bwato la alendo, anthu amawomba m'manja n'kumati nyamazi zikusangalala. Koma maso amanamiza. Zoona zimadziwika powerenga.

Kuwerengako n'kovuta, poti nyamazi zimangotumphuka kudzapuma mpweya n'kumiranso. Choncho akatswiri amajambula chipsepse chapamsana, chomwe chimakhala ndi zipsera zosiyana pa nyama iliyonse. Akabwereranso kukajambula, amaona kuti ndi zingati zomwe anazijambulapo kale, ndipo amayerekeza kukula kwa gulu lonse.

Ku Shark Bay m'dziko la Australia, Lars Bejder ndi anzake anatsata zithunzi zotere kwa zaka zambiri. Zotsatira zake zinatuluka mu 2006: makampani onyamula alendo atakhala awiri, ma dolphin a m'deralo anachepa ndi pafupifupi mmodzi pa 7 alionse. Boma linadula ziphaso n'kusiya chimodzi. Popanda ziwerengerozo, akanamvera ndani?

Abale ndi alongo, Genesis amati zam'nyanja zinalengedwa tsiku lachisanu, ife kusanatichere, ndipo tinaikidwa kukhala oziyang'anira. Kuwerenga zolengedwa ndi mbali ya udindo umenewo. Mbusa wosawerenga mbuzi madzulo amadziwa za fisi khola litatsala lokha.