Ndinanyowa popanda mvula

Ana inu, mtsinje wa Zambezi mumaudziwa. Ku Tete umayenda mofatsa. Koma kutali, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, madzi ake amagwera m'phompho lakuya mamita 108. Mathithi amenewa dzina lake ndi Mosi-oa-Tunya. Ena amati Victoria Falls.

Sukulu itatsekera, ndinapitako. Ndinakhalako tsiku limodzi lokha. Nditabwerako, amalume anandifunsa kuti: "Iwe, ndalama zonsezo kukaona madzi? Kuno kulibe madzi?"

Ine ndikuti ndalamazo sizinatayike. Cithunzi ca m'buku sicinyowetsa munthu. Kumeneko madzi amagunda ngati bingu. Nthunzi imakwera kumwamba ngati utsi. Malaya anga ananyowa, dzuwa likuwala! Utawaleza ndinauona pansi, m'phompho muja.

Amalume, tikakolola tisunge ndalama, tipite limodzi. Mudzatenge malaya awiri.